Chibayo ndi chifuwa chokoka mtima: uthenga kwa makolo a mu Mzuzu

Covid-19 itafika m'Malawi mu April 2020, tinkavala masiki, sukulu zinali zotsekedwa, misonkhano inachepa. Mabakiteriya oyambitsa matenda a m'chifuwa anasowa poyendera, koma nthawi yomweyo ana ambiri padziko lonse anaphonya katemera. Anthu atayambanso kusonkhana, matendawa anabwerera mwamphamvu. Ku England kokha, anthu oposa 14,000 anapezeka ndi chifuwa chokoka mtima mu 2024, ndipo makanda ena anamwalira.

Kuno June ndi July akafika, ku Chibavi kaya ku Zolozolo timatseka mawindo n'kugona mothinana, mbaula ili m'nyumba. Utsi umapweteka mapapo a mwana, ndipo mmodzi akatsokomola onse amapumira mpweya womwewo.

Mwana akamatsokomola, musangomvera chifuwacho. Mukwezeni malaya ali phee, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, n'kutheka kuti ndi chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati pokoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, akukomoka, milomo yada, musadikire kuti kuche. Thamangirani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chili chonse chapafupi.

Chifuwa chokoka mtima chimayamba ngati chimfine wamba. Kenako mwana amatsokomola motsatizana mpaka kusanza, n'kukoka mpweya molira. Chowawa n'chakuti khanda laling'ono mwina silitsokomola n'komwe, limangosiya kupuma kwa kanthawi.

Tsegulani buku la kusikelo lero. Katemera wa Penta, woteteza ku chifuwa chokoka mtima ndi matenda ena, komanso katemera wa chibayo wotchedwa PCV, yemwe dziko lino linayamba kupereka mu 2011, amateteza ana ku matendawa. Penta amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Ngati pali mpata wosalembedwa, pitani naye. Achipatala amapitiriza pomwe analekezera.

Chonde musamagule amoxicillin kapena Bactrim pagolosale n'kumwetsa mwana masiku awiri. Mabakiteriya amazolowera, mawa mankhwalawo osagwiranso. Komanso wodwala amene wadzichiza kunyumba salowa m'kaundula wa chipatala, pomwe manambala amenewo ndi amene amauza a zaumoyo kuti matenda abuka m'dera liti. Ana angapo a mpanda umodzi kapena kalasi imodzi akamatsokomola mofanana, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Akuluakulu, chifuwa chikakwana masabata awiri, kayezetseni makhololo ngati si TB.