Kusowa tulo sikutanthauza kuti prednisolone wakukanani

Pa WhatsApp pakuyenda mphekesera yoti ukamamwa prednisolone (mankhwala omwe madokotala amapereka pa matenda ngati mphumu) nkumasowa tulo ndiye kuti mankhwalawo sakugwirizana ndi magazi ako, usiye pompo. Abale limeneli ndi bodza, ndipo likhoza kupha munthu. Mankhwalawa amagwira ntchito ngati cortisol, homoni yomwe thupi limapanga yambiri m'mamawa kuti tidzuke, ndiye ukamwa madzulo thupi limaona ngati kwacha, nkumangotembenuka usiku wonse tulo osabwera. Nchifukwa chake madokotala amakonda kunena kuti muzimwa m'mawa mutadya kaye.

Chondiopsa ine ndi kusiyako. Mukamwa kopitirira masabata 3 thupi limachepetsa kupanga cortisol wake, ndiye mukasiya mwadzidzidzi mukhoza kufookeratu, kusanza, BP nkutsikiratu. Tulo tikavutabe, shuga akakwera kapena nkhope ikatupa bwererani kuchipatala, adokotala ndi amene amachepetsa mankhwalawa pang'onopang'ono.