Chifukwa chake William Tyndale anaphedwa chifukwa cha Baibulo

Ndikamaphunzitsa mbiri ya mpingo, ophunzira amadabwa akamva kuti kale ku England kumasulira Baibulo m'Chingerezi popanda chilolezo cha bishopu unali mlandu. Lamulolo linakhazikitsidwa mu 1409 ndi Arkibishopu Thomas Arundel pofuna kuthana ndi otsatira a John Wycliffe, mphunzitsi amene ankafuna kuti anthu wamba aziwerenga Baibulo m'Chingerezi. Baibulo la m'tchalitchi linali la Chilatini, chiyankhulo chomwe mlimi wamba sankachimva.

William Tyndale, wansembe wophunzira ku Oxford, anapita kwa Cuthbert Tunstall, bishopu wa London, mu 1523 kukapempha chilolezo. Anamukaniza. Chaka chotsatira anawolokera ku Germany, ndipo mu 1526 Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mumzinda wa Worms. Mabukuwo anali aang'ono, osavuta kubisa. Amalonda ankawalowetsa m'dziko atawasoka m'mitokoma ya nsalu, ndipo mabuku amene Tunstall anawagwira anawatentha poyera pa bwalo la tchalitchi cha St Paul's.

Chimene chinawakwiyitsa kwenikweni akuluakulu a mpingo chinali mawu owerengeka. Tyndale ankamasulira kuchokera ku Chigiriki. Mawu akuti ekklesia anawamasulira ngati msonkhano wa anthu okhulupirira. Pa presbuteros analemba kuti mkulu, pomwe anthu anazolowera kumva kuti wansembe. Pomwe Baibulo la Chilatini linkamveka ngati likulamula ntchito zolipira machimo, iye analemba za kutembenuka mtima. Taganizirani mmisiri wa nsapato akuwerengera banja lake mavesi amenewa usiku, kenako Lamulungu n'kukhala pansi kumvetsera wansembe. Mafunso sakanalephera kubwera. Thomas More, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, analiona vutoli ndipo analemba mabuku aatali otsutsa Tyndale.

Tyndale anadzionjezeranso mdani wina mu 1530, atatsutsa polemba zoti mfumuyo isiye mkazi wake Catherine. Mu 1535 mumzinda wa Antwerp (lero ku Belgium), Mngerezi mnzake Henry Phillips, amene ankadya naye pamodzi, anamupereka kwa asilikali a boma la Charles V, mfumu yaikulu imene inkalamulira deralo. Anatsekeredwa m'linga la Vilvoorde, pafupi ndi Brussels, kwa chaka ndi miyezi ingapo.

Kalata imodzi imene analemba ali m'ndendemo ilipobe, ndipo nthawi zonse imandigwira mtima. Akupempha chipewa chofunda chifukwa mutu ukuzizidwa, chovala chokhuthala poti chake chaperepeseka, ndi nyale, chifukwa kukhala yekha mumdima n'kotopetsa. Koma koposa zonse akupempha Baibulo lake la Chiheberi, buku la galamala ndi dikishonale. Munthu woyembekezera imfa, mtima udakali pa ntchito imene sanaimalize.

Mu Okutobala 1536 anamumangirira pamtengo, kumupotokola khosi, n'kutentha thupi lake. Wolemba mbiri John Foxe analemba kuti pemphero lake lomaliza linali lakuti Ambuye atsegule maso a mfumu ya England.

Mu 1538 boma la Henry linalamula kuti tchalitchi chilichonse chikhale ndi Baibulo la Chingerezi, ndipo limene linatuluka mu 1539 linali lodzaza ndi mawu a Tyndale, ngakhale dzina lake silinalembedwepo. John Rogers, mnzake amene anasonkhanitsa zolemba zake n'kuzisindikiza mu 1537, ndiye anali woyamba kutenthedwa mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary, yemwe anali Mkatolika, ku Smithfield mumzinda wa London pa 4 Febuluwale 1555. Pofika 1558, anthu pafupifupi 280 anali atafa imfa yomweyo.