Kamphete Kakayasama, Mkanda Wonse Wamwazika

Mkanda ukaduka pakhosi pa munthu, yang'anani bwino pamene wadukirapo. Nthawi zambiri ulusi umakhala uli bwinobwino, miyala nayo ilibe vuto, koma kamphete kawaya kolumikizira kayasama, kapena kambedza kokolekera kawongoka. Amayi oluka mikanda ku Chipata, ku Katete ndi ku Mfuwe amagula tizitsulo timeneti m'mapaketi ochokera kunja, ndipo tambiri timakhala tachitsulo chopakidwa mtundu pamwamba. Yandikitsani maginito, mudzaona tikudumphira. Mvula ikayamba mu Novembala, utoto uja umasupuka, dzimbiri n'kudetsa bulauzi ya wogula. Apa mmisiri wodziwa kupinda waya ali ndi msika, chifukwa aliyense wopanga ndolo, mikanda ndi zibangili amafuna timphete, timbedza ndi zokolekera tsiku ndi tsiku. Koma wogula wanu ndi mmisiri mnzanu. Akufuna timphete 200 tofanana ndendende, tolimba mofanana, ndipo akakhumudwa kamodzi sabweranso.

Tiyambe ndi waya. Mkuwa wofiira ndiye wosavuta kupeza komanso kuphunzirirapo. Zidutswa zotsala kwa amisiri oika magetsi m'nyumba zimakwanira: waya wolembedwa 2.5 mm² wa mtima umodzi ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 1.8, wa 1.5 mm² ndi pafupifupi 1.4, ndipo wa 4 mm² wa timitima 7 mukaumasula mumapeza timawaya ta mamilimita 0.85, toyenera timphete. Gulani kwa munthu yemwe mukudziwa kumene wautenga. Waya wodulidwa pa mapolo a ZESCO ndi mlandu wa kundende, ndipo umasiya mudzi wonse mumdima. Waya wa m'mamota akale uli ndi vanishi woonda, choncho muuwotche panja ndi kuupala musanayambe ntchito. Brasi, mkuwa wachikasu uja, ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, wolimba kuposa wofiira, wabwino pa zokolekera. Siliva wa zokongoletsera amalembedwa 925, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 aliwonse, 925 ndi siliva, 75 otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa. Chenjerani ndi waya wotchedwa German silver. Mulibe siliva ngakhale pang'ono, muli mkuwa, zinki ndi nickel, ndipo nickel ndi amene amatupitsa ndi kuyabwitsa makutu a anthu ambiri.

Luso lonse la ntchitoyi lagona pa chinthu chimodzi: kudziwa nthawi yofewetsa waya ndi nthawi yomulimbitsa. Mkuwa, brasi ndi siliva zimauma mukamazipinda, kuzikoka kapena kuzimenya ndi hamala. Mukapitiriza zimang'aluka n'kuthyoka. Moto ndi umene umazibwezera kufewa. Kulungani waya ngati nkhata yothina, mangani nsonga kuti zisatuluke, chifukwa nsonga yotulukira imasungunuka msanga. Ikani nkhatayo m'kachitini, kachitiniko pa mbaula ya makala oyaka bwino. Chitani izi pamthunzi, poti padzuwa simungaone mtundu wa chitsulo. Waya akangofiira pang'ono ngati khala lomwe likuzima, chotsani. Mkuwa muuponye m'madzi nthawi yomweyo. Brasi ndi siliva dikirani kufiira kuthe kaye, chifukwa kuziponya m'madzi zili zofiira kumatha kuzing'amba. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, pamene brasi ndi siliva wa 925 zimasungunuka pafupi ndi 900. Ndiye amene wazolowera mkuwa, tsiku loyamba kugwira siliva amapeza nkhata yonse yasanduka chibuma ngati sachepetsa moto.

Waya wochokera pamoto amakhala wakuda. Mankhwala omutsukira ali kale kukhitchini: kapu imodzi ya viniga, supuni imodzi ya mchere, zofunda koma zosawira, m'botolo lagalasi. Mphindi 10 kapena 15 zimakwana. Musalowetsemo chitsulo chilichonse, kaya pulayala kaya msomali. Viniga wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi mkuwa wosungunuka, ndipo chitsulo chikangolowamo mkuwawo umamatirira pa siliva ndi brasi zanu n'kuzifiiritsa. Vuulani ndi kamtengo ka nsungwi. Mukatero tsukani m'madzi othira soda uja wophikira delele, kuti asidi wotsalira m'makwinya afe, apo ayi pakatha masiku timphete timatuluka ufa wobiriwira m'paketi.

Ngati waya ndi wonenepa kuposa momwe mukufunira, amakokedwa pa chitsulo cha mabowo ocheperachepera. Luso limeneli ndi lakale m'dziko lino la Zambia: ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, ofukula zakale anapeza m'manda mitanda ya mkuwa, zibangili ndi zida zokokera waya. Songolani nsonga ndi tupa, pakani phula la njuchi, manani chitsulocho pa vaisi (chomanira cha pa tebulo), kokani mosadukiza. Musadumphe bowo. Mukadutsa mabowo atatu kapena anayi, bwererani kumoto. Phindu lake ndi lalikulu, chifukwa waya akamaonda amatalika: mita imodzi ya mamilimita 1.8 mukaifikitsa pa 0.8 imasanduka pafupifupi mamita 5.

Tsopano timphete, pomwe pali ndalama zambiri ndi zolakwika zambiri. Mufunika kachitsulo kozungulira kokulungirapo. Singano zolukira majuzi n'zabwino chifukwa zimalembedwa kale kukula kwake, ndipo kumbuyo kwa drill bit (kachitsulo koboolera) nakonso n'koyezedwa bwino. Kulungani waya mothithikana, mzere uliwonse ukhudzane ndi unzake, mpaka mutapeza chipiringa chotalika masentimita 3 kapena 4. Mukasiya, wayayo amabwerera pang'ono, motero kamphete kamakula pang'ono kuposa chokulungira, ndipo waya wouma amabwerera kwambiri kuposa wofewa. Ichi n'chifukwa chake timphete ta Lolemba ndi ta Lachinayi timasiyana ngakhale singano ili yomweyo. Fewetsani waya wa oda imodzi nthawi imodzi, mum'kulunge tsiku limodzi.

Kuwerengera waya n'kosavuta. Phatikizani kukula kwa chokulungira ndi kunenepa kwa waya, chulukitsani ndi 3.14. Singano ya mamilimita 4 ndi waya wa 0.8 zimadya mamilimita 15 pa kamphete kamodzi, ndiye mita imodzi imatulutsa timphete pafupifupi 65. Palinso muyeso wina woti muusunge pamtima: bowo la kamphete lisapose kunenepa kwa waya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ngati simukawotcherera. Waya wa 0.8 pa bowo la mamilimita 4 amagwira. Waya yemweyo pa bowo la mamilimita 8 amayasama mwana akangokoka mkanda wa amayi ake ali kumbuyo. Bowo likakula, waya nayenso anenepe.

Kudula kumasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa. Pulayala yodulira imafinya waya, nsonga n'kukhala yosongoka, ndipo nsonga ziwiri zotere sizingakumane bwino. Pamatsala kampata pomwe ulusi umatulukira, tsitsi n'kumakodwa. Dulani ndi kasowo ka amisiri a zokongoletsera, lumo la nambala 2/0 kapena 3/0, mano ake oloza kuchigwiriro. Likungeni mpaka lizilira ngati nsambo mukalikhudza, lipakeni phula, kulungani chipiringa chija ndi tepi kuti chisagwedere, ndipo chekani mopendeketsa kuti lumo lizidya timphete tiwiri kapena titatu basi. Osakanikiza. Malumo amathyoka chifukwa cha kukanikiza, kupotoza dzanja ndi kulekerera lumo lili lolendewera. Wopanda sowo agwiritse pulayala yodula mbali imodzi mosalala, ndipo azitembenuza pa kamphete kalikonse kuti nsonga zonse zikhale zosalala. Zimadya nthawi ndi waya, koma zimatheka.

Pogulitsa, sonyezani wogula kutsegula kwake, chifukwa kamphete kabwino kamaonongekera m'manja mwa woluka. Agwire ndi mapulayala awiri, nsonga ina aikankhire kutsogolo, ina kumbuyo, ngati akutsegula chitseko. Akakokera kumbali ngati akung'amba, kamphete kamataya kuzungulira kwake ndipo sikatsekekanso. Potseka apitirize pang'ono n'kubweza mpaka amve nsonga zikukhulana.

Timbedza ta ndolo timalowa m'thupi la munthu, choncho apa musaumire. Mkuwa ndi brasi zimabiriwitsa khungu zikakumana ndi thukuta, ndipo pakhutu loboola zimatha kuyambitsa zilonda. Gwiritsani siliva wa 925 kapena waya wachitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 316L. Kunenepa kwake kukhale mamilimita 0.7 kapena 0.8, woposa pamenepo amapweteka makutu ambiri. Dulani masentimita 5, pindani kabowo kunsonga imodzi ndi pulayala ya milomo yozungulira, kenako kulungani pa bolopeni kuti mupeze uta, nsonga yomaliza muitembenuzire kunja pang'ono. Pindani awiriawiri mutawamata ndi tepi, kuti ndolo yakumanja ifanane ndi yakumanzere. Kutsogolo kwa utawo menyani kawiri katatu ndi hamala yosalala pamwamba pa simbi yakale yotembenuzidwa. Kuphwatalala pang'onoko kumalimbitsa kambedza kuti kasawongoke. Gawo lolowa m'khutu musalimenye. Nsonga yake muizungulitse ndi tupa, mumalize ndi sandipepa wa 600, ndipo muiyese poikhudzitsa mkati mwa dzanja lanu. Ikakanda pamenepo, ikandanso khutu.

Oluka ndi miyala ya ku Lundazi, monga aquamarine ndi tourmaline, amafunanso timapini ta mutu wozungulira. Tengani waya wa siliva kapena mkuwa wa mamilimita 0.6, nyikani nsonga mu borax (ufa woyera woteteza chitsulo kuti chisade pamoto) wosungunula ndi madzi, gwirani choimirira, nsonga pansi, n'kuilowetsa kumapeto kwa lawi labuluu la kanyali ka gasi. Nsongayo imasungunuka n'kukwera yokha ngati kadontho. Chotsani lawi pang'onopang'ono, poti kuzizira mwadzidzidzi kumasiya makwinya. Brasi sachita bwino pa njira imeneyi. Kumbukirani kuti pini yatuluka pamoto ili yofewa: gwirani mbali zonse ndi mapulayala, potozani kawiri katatu kuti iume. Funsaninso wogula akubweretsereni mkanda umodzi woyesera, chifukwa mabowo a miyala amakhala aang'ono kuposa a mikanda yagalasi.

Chokolekera chooneka ngati S chimafuna waya wa mamilimita 1.2 mpaka 1.5, wotalika masentimita 6 kapena 7. Menyani pamapindo pokha, mbali imodzi muitseke, ndipo pakamwa pa inayo pakhale pothina moti kamphete kazilowa mokankha.

Timphete tonyamula katundu wolemera tiwotchereredwe. Solder wa siliva, chitsulo chosungunuka msanga cholumikizira nsonga, sadzaza mpata, amangoyenda pakati pa zitsulo zokhudzana komanso zoyera. Mukaona kuwala podutsa pamfundo, tsekaninso musanayatse moto. Pakani borax, ikani kachidutswa ka solder kosaposa milimita imodzi, tenthetsani kamphete konse mozungulira. Solder amathamangira kumene kwatentha kwambiri, ndiye mukaloza lawi pa iye yekha amangodziunga kampira n'kukhala pomwepo, ndipo mbali imodzi ikatentha kuposa inzake amathawira komweko. Solder wa mawailesi ndi wa mapaipi asayandikire ntchitoyi. Wambiri ali ndi mtovu, ndi wofewa, ndipo akatsalira pa siliva n'kutenthedwa kwambiri amamudya maenje. Solder wa siliva wotchipa wosadziwika kochokera amatha kukhala ndi cadmium, yemwe utsi wake umaononga mapapo ndi impso. Brasi wopsa kwambiri ndi waya wa mpanda wopakidwa zinki nazo zimatulutsa utsi woyera wodwalitsa. Wotchererani pakhonde, pomwe mphepo ikudutsa, ana ali kutali, maso ali ndi magalasi. Brasi akatuluka mu viniga ali wofiirira, zinki wapamwamba wapsa. Kufiirako n'kwapamwamba chabe, sandipepa wosalala amakuchotsa.

Kuwalitsa timphete tambirimbiri kamodzikamodzi n'kutaya tsiku. Titungeni pa waya, tikwecheni ndi burashi ya brasi ndi madzi a sopo. Popanda sopo burashiyo imasiya chikasu pa siliva. Umitsani padzuwa mpaka chinyezi chitheretu musanatseke m'timapepala tapulasitiki, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo ponyanimo kachidutswa ka choko kuti kazimwa chinyontho.

Pa paketi iliyonse lembani mtundu wa chitsulo, kunenepa kwa waya, kukula kwa bowo ndi chiwerengero. Sungani m'kabuku singano yomwe munakulungirapo ndi chitsanzo chimodzi chomata ndi tepi, kuti wogula akadzabwera pakatha miyezi itatu kufuna "tomwe tija", mudzapange tomwe tijadi. Kuwerenga n'kwa kamodzi: yezani timphete 100 pa kasikelo ka magalamu, mapaketi otsatira muzingoyeza. Mtengo uchokere pa waya, gasi, malumo othyoka ndi maola anu, poyeza nthawi yopangira 100 osati kamodzi. Oluka amakonzekera msika wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa m'miyezi ya chilimwe, choncho timphete tanu tikhale tili m'mapaketi mwezi wathunthu zisanafike nthawi zimenezi. Musanatseke paketi, tolanimo kamodzi mosasankha, katsekeni, kakolekeni pa msomali ndi botolo la madzi la lita imodzi. Kakayasama, timphete tonseto tibwerere pa tebulo.