Jakisoni wonenepetsa ng'ombe akudya chiyani mkati mwa nyamayo?

Alimi a ng'ombe, a butchala komanso inu ogula nyama, nkhani ndi iyi. Pali mankhwala a ma steroid amene maiko ena amapatsa ng'ombe kuti zikule msanga, monga estradiol, testosterone ndi trenbolone, kambiri amaika ngati kam'bulu pansi pa khungu la khutu. Ku America, Canada, Australia ndi South Africa ena mwa mankhwalawa ndi ololedwa, pomwe European Union inaletsa, ndipo kuyambira 1989 nyama yoteroyo silowa kumeneko.

Koma amene atikhudza kwambiri ife ndi dexamethasone, poti ameneyu amapezeka mmashopu a mankhwala a ziweto ndipo ndi mankhwala abwinobwino, a dokotala wa ziweto amabaya pofuna kuchepetsa kutupa. Vuto limabwera munthu akamapereka pang'onopang'ono kwa masabata angapo kuti ng'ombe izidya kwambiri ndi kuoneka yodzadza pamsika.

Pakhosi pa thole kutsikira mchifuwa pali kachiwalo kotchedwa thymus. Asilikali a mthupi, aja amati ma lymphocyte, amabadwira mmafuta a mmafupa kenako ena amapita ku thymus kukakhwima, ngati kuchinamwali tingotero, akatuluka uko ndiye amakakhala mu kapamba ndi mma anabele kudikira matenda. Ndiye dexamethasone akakhalitsa mthupi amapha asilikali aang'ono aja asanakhwime, thymus imafota, malo mwake mumalowa mafuta. Kunja ng'ombe ikuwala, mkati sukulu ya asilikali yatsekedwa. Inde thymus imachepa yokha ng'ombe ikamakula, zimenezo ndi zachibadwa, koma ikafota mwa thole la miyezi yochepa ndiye kuti china chachitika. Mankhwala okulitsa aja ngati estradiol amaifotetsanso.

Ku Italy, komwe ena amachita zimenezi mobisa ndi mathole a nyama, akatswiri amatenga kachidutswa ka thymus kophera ng'ombe nkukaunika pa maikulosikopu, chifukwa ochenjera amasiya mankhwala patatsala masiku kuti mumkodzo musapezeke kanthu, koma thymus simachira msanga chomwecho, imaulula.

Nanga mkhola zimaoneka bwanji? Ng'ombe yotere siyankha bwino katemera, mwalipira ndalama koma chitetezo chabwera chochepa. Chibayo chimaigwira mosavuta, zilonda zimachedwa kupola, ndipo kachilombo ka IBR (matenda ogwira mphuno ndi kholingo la ng'ombe) kamene kamabisala mthupi mwa ng'ombe yomwe inadwalapo kale kamadzuka nkufalikira kwa zinzake. Choipa kwambiri nchakuti dexamethasone amatsitsa kutentha kwa thupi ndi kutupa, ndiye ng'ombe ikhoza kukhala ndi matenda a nkhupakupa inu nkumaona ngati ili bwino, mukadzazindikira yagwa kale. Ikakhala ya bere lalikulu ndiye musayese nkomwe, dexamethasone amatha kuchotsa bere kapena kuibereketsa masiku asanakwane, ndipo ya mkaka imachepetsa mkaka.

Kwa ife odya nyama, pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanaphe kapena kugulitsa mkaka, werengani chonde, mankhwala otsalira mu nyama, chiwindi ndi mkaka amathera mmimba mwa ana athu omwe. Kuwiritsa kapena kuotcha musakudalire kuti kuchotsa zonse.

Munthu akabwera pa njinga yamoto ndi botolo lopanda pepala nkumati jakisoni uyu ndi wonenepetsa, mubwezeni. Ngati ng'ombe yadwala itanani alangizi a ziweto, ndipo muwauze chilungamo ngati munabaya kale kena kake, dzina la mankhwala, tsiku lake ndi kangati, muzilemba mu kope ndithu. Ng'ombe yowonda kambiri vuto ndi njoka za mmimba, nkhupakupa kapena chakudya chochepa nthawi ya chilimwe, ndiye yambirani pamenepo, mankhwala a njoka, dipi, madeya, masangwe a mtedza, mchere ndi madzi okwanira. Imene yalandira dexamethasone posachedwa musaithamangire katemera, funsani alangizi akuuzeni tsiku loyenera.