Mbiri ya nyimbo ya Pink Floyd yomwe inautsa mapiri pachigwa ku London ndi ku Cape Town

Kumapeto kwa Novembala 1979, gulu loyimba nyimbo za rock la ku England lotchedwa Pink Floyd linachita chinthu chomwe linali litasiya kwa zaka 11: linatulutsa m'dziko lakwawo chimbale chaching'ono chokhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse. Kuyambira 1968 oyimbawa ankaona kuti zimbale zoterezi n'za anthu ofuna kutchuka msanga pa wailesi, pomwe iwo luso lawo linali pa zimbale zazitali zoti munthu amvetsere atakhala pansi. Nyimbo yomwe inawabweza pa ganizoli inali "Another Brick in the Wall (Part 2)". Pofika pakati pa Disembala inali pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo inakhalapo masabata asanu mpaka kulowa m'chaka cha 1980. Ku America nako inatsogola masabata anayi. Mkangano womwe unabuka unagona pa mawu a ana omwe amamveka m'nyimboyi akukuwa kuti safuna maphunziro, safuna kulamulidwa maganizo, ndipo mphunzitsi awasiye.

Wopeka nyimboyi, Roger Waters, anabadwa mu 1943, ndipo bambo ake anafera ku nkhondo ku Anzio m'dziko la Italy mu 1944 iye ali khanda. Anakulira ku Cambridge, komwe anaphunzira pa sukulu ya anyamata okhaokha m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomwe chikwapu ndi mawu onyoza zinali zida zozolowereka za aphunzitsi ambiri. Chimbale chachikulu cha The Wall, momwe muli nyimboyi, chomwe chinatuluka pa 30 Novembala 1979, chimasimba za munthu yemwe chowawa chilichonse cha moyo wake chimasanduka njerwa, mpaka iye amadzitsekera kuseri kwa khoma lomwe wamanga yekha. Imfa ya bambo ndi njerwa, ndipo mphunzitsi wochititsa mwana manyazi pamaso pa anzake ndi njerwa inanso. Womvetsera chimbale chonse amadziwa kuti akunenedwa ndi aphunzitsi a mtundu umenewu, chifukwa kanyimbo kotsogolera kamafotokoza za iwo momveka. Womva pa wailesi ankalandira mphindi zitatu zokha zopanda mutu wake, ndipo kusamvana konse kunayambira pamenepa.

Waters mwini sanailembe ngati nyimbo ya pa wailesi. Inali ndi ndime imodzi ndi kolasi basi, yosakwana mphindi ziwiri. Amene anaona kuti muli chuma ndi Bob Ezrin wa ku Canada, yemwe ankatsogolera ntchito yojambula. Iye anauza David Gilmour, woyimba gitala, kuti apite kumalo ovinira akamve disiko yomwe inali itagwira mitima ya achinyamata, ndipo ngakhale Gilmour sanakondwere nazo, Nick Mason anayesa kuimba ng'oma m'kagundidwe kolunjika ka disiko ndipo nyimbo inadzuka. Gulu litakana zoti ituluke payokha, Ezrin anakopera tepi ya ndime yoyamba ija n'kuilumikiza kachiwiri kuti italike. Chinatsala chinali funso la yemwe angayimbe ndime yachiwiriyo, popeza mawu ake anali omwewo. Ezrin, yemwe anali atagwiritsapo kale mawu a ana pojambula Alice Cooper mu 1972, anati ayimbe ana asukulu.

Nthawi imeneyo oyimbawa sanali ku England. Ndalama zawo zambiri zinali zitalowa m'madzi kudzera ku kampani yomwe inkawasungira chuma, ndipo pothawa msonkho wokwera anakakamizika kukhala kunja chaka chathunthu, akujambula ku France kenaka ku America. Choncho tepi inatumizidwa kuchokera ku Los Angeles kupita ku situdiyo yawo ya Britannia Row ku Islington, kumpoto kwa London, kwa katswiri wa makina ojambulira Nick Griffiths. Iye anangoyenda kamtunda kochepa kupita ku Islington Green School, sukulu ya boma yapafupi, komwe anapeza mphunzitsi wa nyimbo wokonda kuonetsa ana ake zinthu za kunja kwa kalasi. Mphunzitsiyo anatenga ana 23 n'kupita nawo ku situdiyo osaonetsa mawu a nyimboyo kwa mphunzitsi wamkulu. Anawa anauzidwa kuti asayimbe mwaulemu ngati kwaya, koma akuwe ngati ali pabwalo la masewera, ndi kalankhulidwe kawo ka m'misewu ya London. Mawu awo anawasanjikiza maulendo 12 kuti amveke ngati holo yodzaza. Aliyense womvetsera bwino amadziwa kuti mphamvu ya nyimboyi ili pomwe Waters ndi Gilmour atonthola ndipo ana alowa.

Nyimbo inatuluka pa nthawi yomwe nkhani ya maphunziro inali yotentha kale ku Britain. Ku Islington komweko, pakati pa 1974 ndi 1976, kunali mkangano waukulu pa sukulu ya pulayimale ya William Tyndale, komwe aphunzitsi ena anapatsa ana ufulu wochuluka wosankha chochita mpaka makolo anayamba kuchotsa ana awo, ndipo kafukufuku atachitika aphunzitsi angapo anachotsedwa ntchito. Mu Okutobala 1976 nduna yaikulu James Callaghan inalankhula ku Ruskin College mumzinda wa Oxford za nkhawa yoti sukulu zalekerera mwambo ndi maphunziro enieni, ndipo mu Meyi 1979 Margaret Thatcher analowa m'boma. Tsono ana a sukulu ya boma ya ku Islington atamveka m'nyumba iliyonse akukana maphunziro, manyuzipepala ena anaona ngati apeza umboni womwe ankaufuna. Bungwe loyendetsa sukulu za m'kati mwa London, Inner London Education Authority, linadzudzula nyimboyi kuti n'chamanyazi. Mphunzitsi wamkulu analetsa anawo kuonekera pa kanema, kotero kuti nkhope zomwe anthu anaona mu vidiyo, pambali pa zojambula za Gerald Scarfe za mphunzitsi akukankhira ana m'chopukusira nyama, zinali za ana ena.

Sitinganene kuti odandaulawo analibe mfundo. Mphunzitsi yemwe ankavutika ndi kalasi ya ana ochokera m'mabanja osauka, kenaka n'kumva kolasi imeneyi ikuyimbidwa m'makonde a sukulu, anali ndi chifukwa chomveka chopwetekedwa mtima, makamaka poti oyimbawo anali anthu olemera omwe ena mwa iwo anafika ku koleji. Komabe ine ndimaona kuti anaimva molakwika. Waters wakhala akunena kuti sadana ndi kuphunzira, ndipo nyimboyo imatchula chomwe ikukana: chipongwe cha m'kalasi ndi kuumba ana onse m'chikombole chimodzi. Tikumbukire kuti kukwapula ana m'sukulu za boma ku England kunali kololedwa mpaka nyumba ya malamulo inakuthetsa mu 1986.

Amene anaimvetsa msanga anali ana a kutali kwambiri ndi London. Ku South Africa chimbalechi chinagulidwa kwambiri mpaka kufika pamwamba pa mndandanda, ndipo m'miyezi yoyambirira ya 1980 ophunzira a m'sukulu zomwe boma la tsankho linapatulira makaladi ku Cape Town anayamba kunyanyala makalasi. Madandaulo awo anali ooneka ndi maso: mawindo osweka osakonzedwa, mabuku osakwanira, aphunzitsi ochepa, kukwapulidwa, komanso ndalama zomwe boma linkawononga pa mwana wachizungu zinali zochuluka kutalitali poyerekeza ndi za mwana wina aliyense. Kunyanyalaku kunafalikira m'zigawo zina, patangopita zaka zinayi chichitikireni zoopsa za ku Soweto mu 1976, pomwe apolisi anawombera ana asukulu ochita zionetsero, ndipo pa zionetsero zawo ophunzirawo ankayimba kolasi ya ana a ku Islington ija. Pakamwa pawo mawuwo analibe chobisika. Maphunziro omwe ankawakana anali a tsankho, ogawidwa potengera khungu kuyambira pa lamulo la Bantu Education la 1953 ndi malamulo ena otsatira, okonzedwa kuti mwana akule akudziwa malire omwe amuikira. Anawa ankamenyera sukulu yabwino, ndipo ena anataya miyoyo apolisi atawombera m'miyezi ya Meyi ndi Juni.

Mu Meyi 1980 boma la P. W. Botha linaletsa nyimboyi pamodzi ndi chimbale chonse cha The Wall, ponena kuti zikuopseza chitetezo cha dziko, ndipo eni masitolo anachotsa zimbalezo m'mashelefu. N'zomvetsa chisoni kuti pomwe akuluakulu a ku London ankaopa kuti nyimboyi iphunzitsa ana ulesi, a ku Pretoria anazindikira molondola kuti ikukamba za ulamuliro wopondereza, ndipo anaiopa chifukwa ankadziwa kuti ikunena iwo.

Nanga ana 23 aja anapindulanji? Sukulu yawo inalandira mapaundi 1,000 ndipo pambuyo pake chimbale chaulemu chopachika pakhoma, pomwe anawo anapatsidwa zimbale ndi matikiti a konsati. Panalibe mgwirizano uliwonse wowapatsa gawo pa malonda, ngakhale nyimboyi inagulidwa makope mamiliyoni padziko lonse. Zinthu zinasinthako mu 1996, pomwe lamulo la umwini wa luso ku Britain linayamba kupereka gawo kwa aliyense womveka m'nyimbo ikaulutsidwa pa wailesi kapena pa kanema. Mu 2004 munthu wina wogwira ntchito yotolera ndalama zoterezi anafufuza ophunzira akalewo kudzera pa tsamba la intaneti la Friends Reunited, n'kukapereka pempho lawo ku bungwe logawa ndalama za oyimba. Ambiri anali atakwanitsa zaka pafupifupi 40. Lamulolo silinabwerere m'mbuyo, choncho zaka zonse za pakati pa 1979 ndi 1996, zomwe mawu awo anamveka kwambiri pa mawailesi a dziko lonse lapansi, sizinawerengedwe, ndipo ndalama zomwe aliyense ankayembekezera zinali mapaundi mazana ochepa chabe.