Pa mgonero womaliza sanakhale pamipando

Chithunzi chimene Leonardo da Vinci anajambula pakhoma la nyumba ya amonke ku Milan, m'dziko la Italy, n'kuchimaliza mu 1498, chinazoloweretsa anthu kuganiza kuti Yesu ndi ophunzira ake anadya mgonero womaliza atakhala tsonga, atandanda kutebulo lalitali. Koma Chigiriki, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo poyamba, sichinena zimenezo.

M'Chigiriki, mneni wa kukhala pansi ndi kathemai, ndipo mnzake kathizo amanena za kuyamba kukhalako. Onani Mateyu 9:9, pamene Yesu anapeza Mateyu atakhala pamalo okhometsera msonkho: apo pali kathemai. Vesi yotsatira, atalowa m'nyumba kukadya, mneni wasintha, wakhala anakeimai, kutanthauza kugona chammbali motsamira. Ndi yemweyunso ali pa Mateyu 26:20 ndi Maliko 14:18, usiku wa Pasika uja, pa mgonero womaliza.

Pamaphwando a nthawi imeneyo anthu ankagona pamakama aafupi, chigongono chamanzere chili pamtsamiro, dzanja lamanja likutapa chakudya, miyendo italoza kunja. Mukadziwa zimenezi, simuzunguzikanso ndi Yohane 13:23, pamene akunena za wophunzira wotsamira pachifuwa cha Yesu: wophunzira amene anali kutsogolo kwa Yesu akangobweza mutu kumbuyo, unkafika pachifuwa chake. Pampando zikanakhala zovuta, mwinanso zoseketsa. Chimodzimodzi mayi wa pa Luka 7:38, amene anaima kumbuyo n'kunyowetsa mapazi a Yesu ndi misozi; sanachite kukwawira kunsi kwa tebulo, mapaziwo anali poyera.

Leonardo anangojambula mmene anthu a ku Italy ankadyera m'masiku ake.