Mano a mkaka nawonso ndi mano, tisawalekelere

Azimayi ndi azibambo anzathu muno mu Joni, kaya muli ku Yeoville, Mayfair, Rosettenville kaya uko ku Diepsloot, tiyeni tikambeko za mano a ana athuwa. Ambirife timati aaa mano a mkaka amenewo adzaguluka okha, olo abooke palibe kanthu. Ayi ndithu. Dzino loyamba limatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, pofika zaka 3 amakhala nawo 20, ndipo akumbuyo otafunira aja amakhalabe mkamwa mpaka mwana atafika zaka 10 kapena 12. Ndiye likabooka ali ndi zaka 3 taganizani zaka zonsezo, mwana osagona, kudya movutika, inu kujomba kuntchito, komanso akalizula msanga mano akuluakulu amadzatuluka mothithikana poti malo atsekeka.

Chimene chikutha mano a ana kwambiri ndi botolo la usiku. Tikuvetsa, mwabwera otopa, mwayima pa mzere wa taxi, mawa kulawira, ndiye mumangothira tiyi wa rooibos wa shuga kapena Oros kapena juwisi m'botolo kuti mwana agone musavutike. Koma mkamwa muli tizilombo timene timadya shuga uja nkutulutsa asidi, asidiyo ndi amene amakokota dzino, ndipo munthu akagona malovu amachepa ndiye palibe chotsuka, mano amangonyowa mu shuga mpaka kucha. Ngakhale mkaka wa m'chitini umapanganso zomwezo ngati mwana akugona nawo mkamwa. Akamaliza kumwa chotsani botolo, ngati sagona popanda botolo muikemo madzi okha, ndipo akakwana chaka ayambe kuzolowera kapu. Dummy osaiviika mu shuga kapena uchi, komanso osaiyamwa inuyo kuti muitsuke, mukumupatsira tizilombo tanu.

China ndi ka R2 ka pa spaza. Vuto sikuchuluka kwa shuga kokha koma kubwerezabwereza, siwiti m'mawa, bisiketi masana, lolipopu madzulo, dzino silipuma. Bola adye chotsekemeracho kamodzi atangomaliza nsima kusiyana nkumanyambita tsiku lonse. Mwana osakwana zaka 2 safunikanso shuga wothira ngakhale mu phala. Izi muwauzenso aku crèche ndi a aunt amene amatsala naye, chifukwa inu mutha kuyesetsa koma masana zikuchitika zina.

Kutsuka kumayamba mano asanatuluke, kansalu koyera konyowa kupukuta nkhama. Dzino loyamba likangooneka gulani kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (chinthu cholimbitsa mano kuti asabooke), onani pa chubu palembedwe 1000 ppm kapena kuposa. Osakwana zaka 3 muike kochepa ngati kambewu ka mpunga, zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa yobiriwira ija. Kawiri patsiku, ndipo kwa usiku nkosadumphika. Akatha alavule basi osachukucha ndi madzi, fluoride atsalire pa mano. Muzimutsuka nokha kapena kuyang'anira mpaka zaka 7 kapena 8, akakhala yekha amangotafuna mswachi. Pa zaka 6 kumbuyo kwenikweni kumatuluka mano osatha popanda lina kuguluka, makolo ambiri amawayesa a mkaka, amenewo akapita apita.

Kamodzi pamwezi kwezani mlomo wapamwamba wa mwana muone. Timizere toyera ngati choko pafupi ndi nkhama ndiye kubooka kukuyamba, pamenepo nkotheka kuletsa. Pakafika pa bulawuni kapena pakuda, kapena nkhama zatupa, pitani naye msanga kuchipatala. Ndipo mwana akatentha thupi kwambiri kapena kutsegula m'mimba osangoti ndi mano akutuluka, mupite naye kuchipatala.

Mukapita ku kiliniki kukabayitsa katemera funsani anesi za mano, mu Road to Health Booklet muli malo olembapo zimenezi. Ana osakwana zaka 6 amathandizidwa ulere m'zipatala za boma, ndipo mu 2023 khoti lalikulu la Johannesburg linagamula kuti izi zikukhudza ana onse posatengera dziko lomwe achokera kapena mapepala. Vuto likakhala lalikulu kiliniki ikhoza kukutumizani ku Wits Oral Health Centre pa chipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown. Mupite naye kwa dokotala wa mano koyamba asanakwane kapena atangokwana chaka chimodzi, dzino lisanayambe kuwawa, azolowere mpando uja akuseka.